Mkaka Wotsala M'kapu ya Fanuweli

Chileka,
Lachinayi masana, mwezi wa Okutobala.

Dorika mwana wanga,

Lolemba amayi ako anawagoneka kuchipatala, ndipo dzulo adokotala andiuza mosabisa kuti ndi chifuwa chachikulu. Sabwera kunyumba dzinja lisanathe, ndipo Fanuweli asayamwenso. Mawa m'mamawa amalume ako akubwera ndi njinga kudzakutengani awirinu kupita ku Lirangwe kwa amayi ako aakulu. Ine sindidzakhalapo. Ndapempha bwana tsiku limodzi lokha, wakana, akuti ndege za ku Sozibele zachuluka ndipo alendo ake sangadyere m'mbale zosatsuka. Ndiye ndakhala pano kuseri kwa khitchini, pa thumba la makala, ndi pensulo yobwereka kwa Che Ajusa, khukhi wathu wamkulu.

Usiku ndinakuuza zonse pakamwa, koma iwe unkangoti inde bambo, inde bambo, maso ali kukhomo. Inde bambo salera mwana. Nchifukwa chake ndalemba. Sukulu iwe unandipitirira kale, ndiye zilembo zanga zikakhota usaseke, ungowerenga. Ukamaliza uyambirenso.

Nkhani yake ndi imodzi: mkaka wa mlongo wako. Ali ndi miyezi isanu yokha, bere lamuchokera, amayi ako aakulu mawere anauma kalekale. Moyo wake tsopano uli m'chitini cha mkaka waufa chija, m'kapu yachitsulo yoyera ija, ndi m'manja mwako. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu wa munthu wamkulu uli ndi zaka khumi ndi zitatu, ndakuchotsanso kusukulu. Ndilibe wina.

Dzulo ndinachita manyazi kuchipatala. Adokotala atati amayi ako ali ndi tizilombo m'chifuwa, ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Pepani dokotala, mkazi wanga ndi waukhondo, ngakhale nsabwe alibe." Iwo anaseka, nati, "Bwerani kuno a kukhitchini, tsinzinani diso limodzi." Anandionetsa m'kachipangizo kokhala ngati mpope waufupi wa galasi. Dorika, ndinationa ndi diso langali. Timitengo tofiira, tating'ono kuposa fumbi, tili mbwee pa kadontho ka makhololo. Ndinafunsa kuti kodi timaikira mazira? Anati ayi, kamodzi kakakhuta kamangoduka pakati n'kukhala tiwiri, tiwiri tija n'kudukanso, choncho choncho. Anati ta m'chifuwa timachita pang'onopang'ono, koma ta mumkaka timathamanga. Ukapita kumjigo n'kubwerako tawirikiza kale, pofika madzulo tadzaza kapu yonse, koma mkaka uli woyera bwinobwino. Ndinafunsa kuti timafuna chiyani kuti tichite zimenezi. Anawerenga pa zala zawo: chakudya, madzi, pofunda, ndi nthawi. Anati ukatimana chimodzi, timafooka. Ndinatuluka m'menemo nditazindikira kuti zinayi zonsezo ndi zimene ife timapatsa mwana pomukonda.

Usaganize kuti ndi nzeru zachizungu zovuta. Iwe unayamba kalekale kuweta tizilombo, sunkadziwa chabe. Kumbukira mmene amayi ako amachitira thobwa. Phala likakhala lotentha kwambiri saika chimera, amadikira lifunde. Akatero amavundikira mphika n'kuusiya pakona ugone. M'mawa lasintha, mawa lake lasasa, mkuja likuchita thovu. Ndani amalisasitsa usiku anthu onse ali mtulo? Ndi tomweto. Tina n'tabwino, timatipatsa thobwa. Tina timapha. Vuto lake n'lakuti tonse timakonda malo amodzi, ndipo sungatisankhe ndi maso. Mimba ya munthu wamkulu imalimbana nato. Ya Fanuweli siingathe.

Chaka chimene ndinayamba ntchito muno ndinalakwitsa pa nkhani ya kufunda. Panatsala nyama ya msuzi pa chakudya cha masana, Che Ajusa nati ndiisunge. Ine, mwa nzeru zakumudzi, ndinakankhira poto kuseri kwa sitovu, pamalo pofundira bwino, kuti isazizire. Anaipeza madzulo. Anandikoka khutu mpaka pa potopo. "Iwe mlamu, wasunga nyama kapena wafungatira mazira?" Ndinati koma sikununkha. Iwo anati, "Ikanunkha ndiye kuti yachita chifundo, yakuchenjeza. Yoopsa ndi yosanunkhayi." Anati itayidwe. Ine ndinaona ngati misala, nyama ya ng'ombe yathunthu! Ndinadya kuseri ndi mnyamata wa m'dimba. Usiku umenewo tinkapikisana pakhomo la chimbudzi, ndipo Che Ajusa m'mawa anangoti, "Mazira aja aswa?" Lamulo lawo ndi ili, ndipo ndikukupatsa iwe: chotentha chitenthe mpaka kuwira, chozizira chizizire zenizeni, pakatipa ndiye pamudzi pawo. Kuno kuli furiji ya palafini. Ku Lirangwe kulibe, ndipo mwezi uno ngakhale mthunzi ndi wofunda. Ndiye iwe chida chako ndi moto basi. Madzi a mkaka awire mpaka agadutse, osati kungolira m'ketulo. Uwasiye m'ketulo momwemo, chivundikiro chili pompo, mpaka afike poti dontho pa mkono wako silikuwotcha. Ukatero sungunula mkaka monga ndinakuonetsera, supuni zake zomwe zija, osachepetsa kuti chitini chikhalitse, ndipo ummwetse nthawi yomweyo. Nthawi yomweyo, Dorika. Osati ndithe kaye kusesa.

Ndinalakwitsanso pa nkhani ya madzi. Ndinali ndi kansalu kamene ndinkayenda nako paphewa tsiku lonse, kopukutira mbale, tebulo, manja, nthawi zina ndi thukuta lomwe. Tsiku lina ndinatsuka jagi ya mkaka bwinobwino ndi sopo, n'kuipukuta ndi kansalu kaja, n'kuivundikira ikadali yonyowa. Mkaka umene tinathiramo m'mawa unadula tiyi asanafike patebulo, ndipo dona anakalipa mpaka agalu anathawa. Ndinatsuka ndekha, n'kudetsanso ndekha. Taona mfutso wa nkhwani umene amayi ako anaumika chaka chatha, mpaka lero uli bwino m'chikwatu. Nkhwani yomweyo ukaiphika lero, mawa yasasa. Kusiyana kwake ndi madzi okha. Mkaka wa m'chitiniwo uli ngati mfutso, ukusungika chifukwa ndi wouma. Ukalowetsamo supuni yonyowa, kapena supuni yoti yalowa m'kamwa, wawadzutsa. Nchifukwa chake ndakupatsa supuni ziwiri. Yomangidwa ulusi ndi ya m'chitini, isakhudze madzi mpaka chitini chithe. Inayo ndi yomwetsera. Kapu ndi supuni yomwetsera ukatsuka uzithire madzi owira, n'kuziyanika pathandala padzuwa, chozondotsa. Osapukuta ndi nsalu, ngakhale nsalu yochapa, makamaka mpango wako. Dzuwa la ku Lirangwe limaumitsa chimanga m'munda, lidzakugwirirako ntchito kamodzi. Ndipo manja ako usambe ndi sopo usanakhudze chitini, kopambana ukachoka kochapa matewera. Sopo akatha, phulusa lilipo.

Tsopano za botolo. Amayi ako aakulu ali ndi botolo la nsonga ya mphira limene anapatsidwa ndi mkazi wa sitolo, ndipo amalisunga m'sutikesi ngati chuma. Adzalitulutsa tsiku loyamba, ndikudziwa. Adzati mwana wa miyezi isanu samwa ndi supuni, ukumuzunza. Tamvera zimene zinandichitikira ndili mnyamata. Agogo anga anali ndi chipanda cha chambiko chakuda bii m'kati, chonunkha. Tsiku lina ali kumunda ndinati ndiwasangalatse. Ndinachikwecha ndi mchenga ndi phulusa, n'kuthiramo madzi otentha, mpaka chinayera. Atabwera anandikwapula ndi mthiko. "Wapha mbewu, chitsiru iwe!" Ndipo zoonadi, mkaka umene anathiramo unakana kugwira msanga monga unkachitira kale. Ndakhala zaka zonsezi osadziwa kuti mbewu imene ndinapha inali chiyani. Ndadziwa dzulo. Botolo lija ndi chipanda chaching'ono. Khosi lake dzanja sililowa, mphira wake uli ndi timing'alu, mbewu imatsala m'menemo kudikira mkaka watsopano. Kapu ilibe pobisala, ukuona pansi pake ponse. Ndiye pa kapu ya Fanuweli uzichita tsiku ndi tsiku chimene ine anandikwapulira. Ipha mbewu. Supuni ndi yochedwa, adzalavula, adzalira, iwe udzatopa. Pirira, masiku ochepa adzazolowera. Botolo uliyamikire bwino, unene kuti ndi lokongola, libwerere m'sutikesi.

Za Luka, mlongo wako wina uja, sindifuna kulemba koma ndilemba. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ukumukumbukira, ankakukoka tsitsi. Nthawi ija amayi ako anapita naye ku Lirangwe kukathandiza kukolola mapira, iye atangosiya kuyamwa. Loweruka ndinapatsidwa mkaka wa ng'ombe wotsala kuno, wabwino, wowiritsa m'mawa womwewo. Ndinauthira m'botolo la sikwashi, ndipo poopa kuti ungazizire ndi mphepo ya panjinga ndinauika m'kati mwa malaya, pamimba penipeni. Ndinapalasa kudzera ku Lunzu, tayala linaphulika, ndinakhala pansi pa mtengo kumata, botolo lili pathupi. Ndinafika dzuwa litapendeka, wonyada, ndikuti ndabweretsera mwana wanga mkaka wa azungu ukadali wofunda. Anamwa, wotsala tinamusungira wa m'mawa. Lamulungu usiku anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa. Akuluakulu anakhala pansi kukambirana, nati ndi tsempho, bambo wake wamudula mwana ndi mayendedwe a m'tauni. Tanthauzo lake udzalimva ukadzakula, koma ndikukuuza kuti silinali loona. Masiku awiri anathera pa mlandu umenewo, akundifunsa ine, akumata mankhwala pamutu pa mwana, iye akuuma. Lachitatu tinamuika. Dzulo ndinafotokozera adokotala za botolo lija. Sanandidzudzule. Anangokwezanso zala zinayi zija, n'kumazipinda chimodzichimodzi. Chakudya, madzi, pofunda, nthawi. Pofundapo ndinali ine.

Ndiye usadzasunge mkaka wosungunula pathupi, kapena m'bulangete, kapena pambali pa mafuwa. Yesero lako lalikulu lidzakhala usiku. Udzafuna kusungunuliratu madzulo kuti akalira ungotambasula dzanja. Ayi. Madzulo wiritsa madzi, avundikire m'ketulo, kankhira chikuni chachikulu pamoto kuti usazime. Akalira dzuka, funditsa madziwo, sungunula pomwepo. Alire pang'ono podikira. Mwana wolira ali moyo.

Tsopano pamene pagona nkhondo yako: zotsala. Fanuweli samaliza kapu. Nthawi zonse adzasiya pang'ono pansi, ndipo amayi ako aakulu adzati vundikira, amwa akadzuka. Usawaone ngati munthu woipa. Njala ija ya zaka zapitazi inawapeza ku Lirangwe komweko, anadya mizu ndi gaga, anaika ana awiri. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo simutayidwa kanthu. Mkute amadya mpaka wa dzana, madzi otsukira mphika wa phala amamwa. Ukathira mkaka pansi iwo akuona, kwa iwo ndi ngati watukwana manda a ana awo, ndipo adzakulanda kapu n'kuyamba kumwetsa okha. Zikafika pamenepo taluza. Ndaganiza usiku wonse, ndipo njira ndapeza ndi iyi: usataye, ndipo usasunge. Imwa iwe. Akangotembenuza mutu kukana supuni, kweza kapu, gugudiza zotsalazo pompo usanaimirire. Mkaka wa nthawi yomweyo sungakupweteke. Akakutcha wadyera, wakuba mkaka wa khanda, vomera. Uziti, "Pepani mayi, ndinali ndi njala." Munthu wanjala iwo samukalipira nthawi yaitali. Koma ukapeza kapu yoti wina anaivundikira iwe uli kumadzi, yakhalitsa, imeneyo usamwe ndipo asamwe. Pita nayo kuseri ngati ukukatsuka, uthire m'dzala, ufotsere ndi phazi.

Amalume ako nawo ali ndi yawo. Dzulo atabwera kudzazonda amayi ako, mmene ndinawaonetsa chitini anachitembenuzatembenuza, nati, "Alamu, zinthu za m'zitini masiku ano a boma la Chitaganya, mwadziwa bwanji zimene athiramo? Mwadya makombo a azungu mpaka mwayamba kuona tizilombo tawo." Ndinati, "Alamu, Chitaganya nanenso sindichifuna, amene ndimatsuka mbale zake ndine. Koma tizilomboti tilibe khadi la chipani, timadya aliyense." Anaseka, koma sanamve. Iwe usakangane nawo, si msinkhu wako. Akayamba zimenezo gwada, uziti ndamva malume, kenako kawiritse madzi. Chitini chimenechi anandilembera ndi adokotala achikuda ngati ife, ndipo ndinachitsegula ndekha, ndinalawa ndekha. China ndidzatumiza ndi dalaivala wa lole ya thonje chimenechi chisanathe. Ukaona pansi pa chitini payamba kuoneka, nditumizire mawu, usayambe kuchulutsa madzi.

Ngati zonsezi wachita koma wadwalabe, tamvera bwino apa. Akachita chimbudzi chamadzi kawiri katatu motsatizana, kapena kusanza, kapena ukaona maso alowa, liwombo lalowa, thewera likukhala louma, akulira popanda misozi, usadikire kuti kuche bwino, usadikire amalume abwere kumsika. Adzati tiyeni tikhale pansi tione chimene chalakwika, adzatchula dzina langa, adzatuma munthu kukafuna mizu. Asiye akhale pansi. Akafuna kumata mankhwala pamutu amate, pamutu sipapita kumimba, koma chakumwa chosawiritsa ayi. Iwe bereka mwana, tenga ketulo ya madzi owiritsa ndi supuni, uzimudonthezera m'kamwa m'njira monse, upite ku disipensale. Njira ukuidziwa, ndi ija yodutsa pa siteshoni ya sitima. Ukakumana ndi apolisi pamsewu usathawe, aonetse mwana. Ukafika upemphe aliyense wokwera basi ya ku Blantyre kuti asiye mawu pa Lunzu kwa mmisiri wa njinga wa pamenepo, amandidziwa, iye adzandipeza. Tsiku limenelo bwana akane asakane, ndidzasiya mbale m'madzi.

Ndikubwereza, chifukwa ndimakudziwa. Madzi awire. Supuni ya ulusi isanyowe. Kapu padzuwa. Botolo m'sutikesi. Zotsala m'mimba mwako.

Za iwe mwini sindinaiwale. Buku lako la kuwerenga ndaliika pansi pa matewera, uziwerengako mwana akagona, sukulu udzabwerera, ndalumbira. Uzidya. Uthandize amayi ako aakulu ntchito zonse mosanyinyirika, kutunga, kusinja, kusesa, kuti pa chinthu chimodzi ichi chokha ukaumitsa khosi asakuone ngati mwana wamwano. Gonja pa zonse kuti upambane pa kapu. Akakufinya kwambiri, unene kuti ndi bambo anandilamula, ndipo akandimva ndasintha adzandimenya. Sindinakumenyepo, koma iwo sadziwa. Mlandu uwutaye pa ine. Kumeneko ndili nalo kale dzina, lina limodzi silindilemera.

Che Ajusa akuitana, alendo afika, ndipo pensulo akuifuna. Kalatayi ndiisomeka m'chivundikiro cha ketulo kuti uione poyamba.

Dzulo potuluka m'chipinda chimene agona amayi ako, anandiitananso ndili pakhomo. Mawu sakutuluka bwino, ndinachita kuwerama. Sanafunse za munda kapena za nyumba. Anati, "Mukamuuze Dorika, ndidzamupeze mwanayo akukwawa." Ndakuuza.

Ine bambo ako.